MBIRI YA MAIKO ENA: Nkhondo ya pa Bosworth, Tsiku Limene Oonerera Anasankha Mfumu

M'mawa wa Lolemba, pa 22 Ogasiti caka ca 1485, m'minda ya kufupi ndi mudzi wa Market Bosworth pakati pa dziko la England, munaima magulu atatu a asilikali. Gulu lalikulu koposa linali la mfumu ya dzikolo, Richard III, ndiko kunena mfumu yacitatu ya dzina limenelo. Laciwiri linali la Henry Tudor, mwamuna wa zaka 28 amene anali atangotsika m'combo milungu iwiri m'mbuyomo kudzalanda ufumu. Lacitatu linali la amuna awiri apacibale a banja la Stanley, ndipo linaima padera, pamalo poonekera mbali zonse ziwiri. Mfumu inali kuliwerengera gulu limeneli ngati lake. Henry nayenso anali kuliwerengera ngati lake. Dzuwa linatuluka popanda ndi mmodzi yemwe wa iwo wodziwa kumene mikondo ya a Stanley idzaloza.

Kumenyana kwenikweni kunatha m'maora ngati awiri, ndipo pofika masana dziko la England linali ndi mfumu ina. Koma cimene cinacititsa nduna zikuluzikulu kupinda manja pamene mfumu yao inali pakati pa moto cinayamba kale, m'banja lacifumu momwemo.

MKANGANO WA PACIBALE

Mfumu Edward III, imene inamwalira mu 1377, inasiya ana aamuna angapo, ndipo mwa ana amenewa munaphuka nyumba ziwiri, ya Lancaster ndi ya York. Onse anali a magazi amodzi. Mu 1399 a Lancaster analanda mpando ndi kuukhala kwa mibadwo itatu. Wacitatu wao, Henry VI, analowa ufumu mu 1422 ali khanda la miyezi 9 yokha. Atakula anali munthu wofatsa ndi wokonda mapemphero, koma wosatha kuletsa nduna zake kulimbana, ndipo mu 1453 anadwala mutu kwa miyezi yambiri kufikira posazindikira anthu. A York anaona mpata. Magazi oyamba anakhetsedwa pa St Albans mu 1455, ndipo mu 1461 Edward wa nyumba ya York anapambana nkhondo yoopsa ya pa Towton nakhazikika pa mpando monga Mfumu Edward IV. A Lancaster anabwererapo kwa miyezi yowerengeka mu 1470, koma caka cotsatira Edward anawaphwanyiratu pa Barnet ndi pa Tewkesbury. Mwana yekhayo wa Henry VI anafera pa Tewkesbury, ndipo Henry mwiniwake anafa milungu yocepa pambuyo pake m'linga la Tower ku London. Olemba a m'zaka zam'tsogolo ndiwo anacha nkhondo zimenezi dzina lakuti Nkhondo za Maluwa, potengera duwa loyera la a York ndi duwa lofiira la a Lancaster.

Kucokera mu 1471 dziko linapumula kwa zaka 12. A York akadagwirizana, dzina la Tudor silikadamveka konse. Koma anayambana okhaokha.

Edward IV anamwalira pa 9 Epulo 1483 ali ndi zaka 40, nasiya ana aamuna awiri, Edward wa zaka 12 ndi Richard wa zaka 9. Owerenga adziwe kuti kwa Angerezi a nthawiyo ufumu unali kutsata mwana wamwamuna woyamba wa mfumu, osati mwana wa mlongo monga zikhalira pakati pa Acewa. Motero mpando unali wa Edward wamng'onoyo, ndipo woyang'anira dziko kufikira mwanayo atakula anayenera kukhala mng'ono wa malemuyo, Richard, nduna yaikulu ya Gloucester. Kwa anawo iyeyu anali atate ao aang'ono. Kufikira nthawi imeneyo mbiri yake inali ya munthu wokhulupirika. Anatsagana ndi mkulu wake pothawira kunja kwa dziko mu 1470, anamumenyera nkhondo pa Barnet ndi pa Tewkesbury ali ndi zaka 18, ndipo kwa zaka zoposa khumi anayang'anira cigawo ca kumpoto m'dzina la mkulu wakeyo, anthu ambiri a kumeneko namukonda.

Koma Richard sanali kukhulupirirana ndi abale a mfumukazi yamasiye, a banja la Woodville, amene ndiwo analera mwanayo. Pa 30 Epulo anakumana ndi mfumu yaing'onoyo pa Stony Stratford, pa njira yopita ku London, naitenga m'manja mwake, namanga malume ake a mwanayo, Anthony Woodville, pamodzi ndi ena. Pa 13 Juni nduna William Hastings, bwenzi la pamtima la mfumu yomwalirayo, inacotsedwa pamsonkhano wa nduna mu Tower nidulidwa mutu popanda kuzengedwa mlandu. Masiku ocepa pambuyo pake kunalengezedwa kuti ukwati wa Edward IV sunali wololedwa, pakuti akuti anali atalonjezana kale ndi mkazi wina, ndipo cotero ana ake onse anali apathengo, osayenera kulowa ufumu. Anthony Woodville anaphedwa pa 25 Juni. M'mawa mwake Richard anakhala pa mpando, ndipo pa 6 Julai anabvekedwa cisoti caufumu.

Anyamata awiri aja anali kusungidwa mu Tower. Poyamba anthu anali kuwaona akusewera m'bwalo la lingalo, kenaka anayamba kuoneka mwa apo ndi apo, ndipo cakaco cisanathe sanaonekenso. Olemba mbiri akali kutsutsana za cimene cinawacitikira. Cimene cili poyera ndi cakuti mphekesera yakuti atate ao aang'ono awapha inafalikira m'dziko lonse ndi kutsidya kwa nyanja komwe, ndipo Richard sanawatulutse pagulu kuti aitsutse. Anthu amene anatumikira Edward IV moyo wao wonse anayamba kufunafuna mfumu ina.

Mu Okutobala 1483 kunabuka cipanduko kum'mwera, ndipo ngakhale nduna ya Buckingham, imene inathandiza Richard kukwera pa mpando, inalowamo. Cipandukoco cinalephera, Buckingham anadulidwa mutu ku Salisbury pa 2 Novembala, ndipo opanduka ambiri anathawira kutsidya. Pamenepo Richard anacita cinthu cimene cinamuonjezera adani. Minda ndi maudindo a othawawo anazigawira anthu ake a kumpoto, kotero kuti a kum'mwera anadziona akulamuliridwa ndi alendo. Kunena zoona, sanali mfumu yopanda nzeru. Nyumba ya Malamulo imene anaitanitsa mu 1484 inakhazikitsa malamulo abwino, ena oletsa kulanda katundu wa munthu woganiziridwa mlandu asanaweruzidwe, ena oletsa mfumu kukakamiza anthu kupereka ndalama m'dzina la mphatso. Koma tsoka linamutsata. Mwana wake yekhayo wa muukwati anamwalira mu 1484, mkazi wake Anne anamwalira mu Malichi 1485, ndipo kunamveka mphekesera ina yakuti afuna kukwatira Elizabeth, mlongo wa anyamata osowa aja, kufikira anakakamizika kukana pamaso pa akuluakulu a ku London. Nduna iliyonse yoganiza za mawa inali kuona mfumu yopanda wolowa m'malo.

WOBWERA NDI COMBO

Henry Tudor anabadwa mu Januwale 1457 m'linga la Pembroke ku Wales, atate ake atamwalira kale, amai ake Margaret Beaufort ali ndi zaka 13 zokha. Magazi acifumu a Lancaster anali nao kudzera mwa amai akewo, koma anali magazi okaikitsa, pakuti a Beaufort anacokera mwa ana amene John of Gaunt, mwana wa Edward III, anabereka asanakwatire amai ao. Mu 1471 Jasper Tudor anathawa naye mnyamatayo kunka ku Brittany, kutsidya kwa nyanja. Jasper nayenso anali atate aang'ono, koma iyeyu anasunga mwana wa mkulu wake zaka 14 m'dziko la eni. Henry anakulira kumeneko, nthawi zambiri ngati wandende wolemekezeka. Anali asanatsogolerepo nkhondo, ndipo anthu a ku England ocepa okha ndiwo anaonapo nkhope yake.

Mphamvu yake yeniyeni inali amai ake. Margaret anapangana mwamseri ndi mfumukazi yamasiye kuti Henry adzakwatire Elizabeth, ndipo pa tsiku la Khrisimasi mu 1483, m'chalichi cacikulu ca ku Rennes, Henry analumbira kuti adzatero akadzakhala mfumu. Lumbiro limeneli linapatsa a York okhumudwa aja njira yotsatira munthu wa Lancaster popanda kudziona ngati ataya ana a mbuye wao wakale. Mu 1484 akuluakulu ena a ku Brittany anatsala pang'ono kumupereka kwa Richard, koma anacenjezedwa nathawira ku France. Kumeneko anapeza cimene anali kusowa. John de Vere, nduna ya Oxford, msilikali wozolowera nkhondo, anathawa m'ndende ya Hammes kufupi ndi Calais nadza kwa iye, ndipo boma la France linamuthandiza ndi ndalama, zombo ndi asilikali.

Ananyamuka pa doko la Harfleur pa 1 Ogasiti 1485, nakoceza pa Mill Bay kufupi ndi Milford Haven ku Wales pa 7 Ogasiti, ali ndi Angerezi othawa kwao mazana angapo ndi asilikali aganyu ngati 2,000. Anayenda kudutsa Wales atakweza mbendera ya cinjoka cofiira, cizindikilo cakale ca anthu a dzikolo. Mtsogoleri wamphamvu wa kumeneko, Rhys ap Thomas, anamuphatikana naye pa njira, ndipo analowa mu England kudzera pa Shrewsbury. Koma nduna zikuluzikulu za England sizinathamangire kwa iye. Ciyembekezo cake conse cinali pa mwamuna wa amai ake, pakuti Margaret anali atakwatiwa mu 1472 ndi Thomas Stanley.

Thomas Stanley ndi mng'ono wake William anali eni minda yaikulu ku Lancashire, ku Cheshire ndi kumpoto kwa Wales, ndipo anali okhoza kusonkhanitsa amuna zikwi zingapo m'masiku ocepa. Luso la Thomas linali kudikira. Mu 1459, pa nkhondo ya pa Blore Heath, anaitanidwa ndi a Lancaster, naima ndi asilikali ake makilomita ocepa kucokera pamalo a nkhondo osalowamo, pamene William anali kumenyera a York. Akale anati mapanga awiri abvumbwitsa, koma Thomas Stanley anakhala zaka zoposa 25 akuthamanga pakati pa mapanga awiri osanyowa. Pa cipanduko ca 1483 anakhala kumbali ya Richard ngakhale mkazi wake anali pakati pa okonza ciwembu, ndipo mfumu inamupatsa udindo waukulu wa usilikali ndi kuika minda ya Margaret m'manja mwake.

Richard anali kumudziwa bwino munthu ameneyu. Pamene Thomas anapempha mu 1485 kuti apite kwao, mfumu inabvomera, koma inasunga mwana wake wamkulu, George, monga cikole. Henry atakoceza, Thomas anaitanidwa, nayankha kuti ali kudwala. George anayesa kuthawa, nagwidwa, naulula kuti William ali m'pangano ndi Henry. Pomwepo mfumu inalengeza kuti William Stanley ndi wopanduka.

Zinthu ziwirizi ndizo zinaumba nkhondo ya pa Bosworth isanayambe. Cikole cinamanga manja a Thomas kuti asapite kwa Henry poyera, koma sicinamupatse cifukwa cokondera mfumu imene inaika mpeni pakhosi la mwana wake. Ndipo William anatsala wopanda cotaya. Richard akapambana, mutu wake unali wodulidwa kale. Apacibale awiriwo anakumana ndi Henry mwamseri kufupi ndi Atherstone masiku otsiriza, namuuza mau okoma, koma asilikali ao sanawaphatikize ndi ake.

PA DAMBO LA REDEMORE

Mau akuti Henry wakoceza anapeza Richard ali ku Nottingham. Akuti anakondwera, poganiza kuti mdani wadzibweretsa yekha. Anasonkhanitsa asilikali ku Leicester, ndipo pa 21 Ogasiti anatuluka mumzindawo atabvala cisoti caufumu, mbendera zake za nguluwe yoyera zili patsogolo, nakamanga msasa kufupi ndi kaphiri ka Ambion. Olemba mbiri amasiyana pa ciwerengero, koma ambiri amati gulu la mfumu linali la amuna 8,000 kapena kupitirira, ndipo la Henry linali ngati 5,000.

Ciwerengero cimeneci cisanyenge owerenga. Mfumu ya England ya masiku amenewo inalibe gulu la nkhondo lakelake lokhazikika monga maboma a lero. Nduna iliyonse inali kubwera ndi amuna a pa minda yake, alimi, anchito ndi odalira citetezo cake, atabvala cizindikilo ca nduna yomweyo. Amuna amenewa anali kumvera mbuye wao. Mbuye akati tiyeni, amapita. Mbuye akaima, naonso amaima. Motero asilikali 8,000 a Richard anali ake malinga ngati nduna zowerengeka zabvomera kuti akhale ake.

Pakati pa magulu awiriwo panali dambo la matope, ndipo anthu a nthawiyo anacha malowo Redemore. Henry anasiya utsogoleri wa nkhondo m'manja mwa Oxford. Iyeyu anayendetsa asilikali ake dambolo lili kudzanja lamanja, kuti adani asawadzere mbali imeneyo. Mizinga ya mfumu inalira, mivi inagwa mbali zonse, kenaka gulu lakutsogolo la Richard, lotsogoleredwa ndi John Howard, nduna ya Norfolk, linagundana ndi la Oxford. Apa nkhondo inali ya malupanga ndi nkhwangwa za mipini yaitali, zimene zinali kutha kukola munthu wobvala citsulo ndi kumugwetsa. Poopa kuti asilikali ake ocepawo angazingidwe, Oxford analamula kuti pasapezeke wotalikira mbendera yake kupitirira mapazi khumi. Anathinana ngati khoma, ndipo asilikali a Norfolk analephera kuwaswa. Norfolk mwiniwake, nkhalamba ya zaka ngati 60 ndi nduna yokhulupirika koposa ya Richard, anafera pomwepo.

Kumbuyo kwa mfumu kunali gulu lina lalikulu, la Henry Percy, nduna ya Northumberland. Silinasunthe. Ena amati linachingidwa ndi dambo ndi kucepa kwa malo. Ena amakumbutsa kuti banja la Percy ndilo linali kulamulira kumpoto kuyambira kale, ndipo Richard analiphimba kwa zaka zambiri. Kaya cifukwa cinali citi, amuna zikwi anaima ndi zida m'manja osamenya ndi munthu mmodzi yemwe. A Stanley naonso anali cikhalire kuonerera. Nkhani yakale imati mfumu inatumiza mthenga kwa Thomas kumuopseza kuti George aphedwa, iye nayankha kuti ali ndi ana ena. Imatinso lamulo lakupha linaperekedwa, koma opatsidwa nchitoyo anazengereza dala kuti aone kaye kumene nkhondo idzagwera. George anatuluka pa Bosworth wamoyo.

Pamenepo Richard anaona mbendera ya cinjoka cofiira ili patali ndi gulu la Oxford. Henry anali ndi omulonda ocepa okha. Akuti ena anauza mfumu kuti ithawe ikasonkhanitse asilikali ena, koma inakana. Inasonkhanitsa amuna a m'nyumba yake okwera pa akavalo, nithamangira molunjika pamene panali Henry.

Ambiri amati kumeneku kunali kupsa mtima kopanda nzeru, koma mwina sanaganizire bwino mmene zinthu zinalili. Henry analibe mwana, analibe mng'ono, ndipo nyumba ya Lancaster inalibe munthu wina woti n'kumuimika m'malo mwake. Iye akafa, nkhondo yonse inali kutha pomwepo, ndipo onse oonerera aja akadathamangira kudzagwada kwa Richard. Ndipo kunatsala pang'ono kutero. Mfumu inapha William Brandon, wonyamula mbendera ya Henry, nigwetsa pa kavalo John Cheyne, mwamuna wochuka ndi msinkhu ndi mphamvu. Inafika mapazi owerengeka kucokera pa mdani wake. Koma kuthamanga kumeneku kunaicotsa pakati pa asilikali ake ndi kuiika pamaso pa William Stanley, munthu yemweyo amene inamucha wopanduka masiku ocepa m'mbuyomo. William anaona kuti akadikiranso pang'ono Henry afa, ndipo iye adzatsatira. Analamula amuna ake kulowa.

Okwera pa akavalo a mfumu anazingidwa ndi kukankhidwira ku dambo. Richard anapezeka ali pansi, wopanda kavalo, ndipo anaphedwa ndi khamu la asilikali oyenda pansi. Wolemba wina wa nthawiyo, Jean Molinet, ananena kuti womukantha kotsiriza anali munthu wa ku Wales wonyamula nkhwangwa ya mpini wautali. Ngakhale olemba amene anali kudana naye anabvomereza kuti anamenya molimba mtima kufikira mapeto. Anali ndi zaka 32, atalamulira zaka ziwiri ndi miyezi iwiri, ndipo ndiye mfumu yotsiriza ya England kufera pankhondo. Mbiri ya imfa yake itamveka, gulu lake linamwazikana. Wolemba mbiri Polydore Vergil anati kumbali ya mfumu kunafa anthu ngati 1,000, kumbali ya Henry ngati 100. Iye yemweyo anati cisoti caufumu cimene Richard anabvala cinatoledwa pakati pa zofunkha, ndipo Thomas Stanley ndiye anacibveka Henry pamaso pa asilikali. Kaphiri ka kufupi ndi mudzi wa Stoke Golding, kumene akuti zimenezi zinacitikira, kamachedwa Crown Hill.

MALIPIRO A OONERERA

Mtembo wa Richard unabvulidwa zonse, nukolekedwa pa kavalo, nutengedwa kunka ku Leicester, kumene unaonetsedwa kwa anthu kuti pasakhale wonena kuti akali moyo. Pambuyo pake ansembe a nyumba ya Greyfriars anauika m'manda mofulumira. Akuluakulu a mzinda wa York, kumpoto kumene anali kukondedwa, analemba m'buku lao la msonkhano cisoni cao pa imfa yake, ngakhale anadziwa kuti mfumu yatsopano ikhoza kukwiya nazo.

Henry VII anaonetsa msanga kuti ndi wocenjera. Analamula kuti ufumu wake uwerengedwe kuyambira pa 21 Ogasiti, tsiku limodzi nkhondo isanamenyedwe, kotero kuti onse amene anamenyera Richard, mfumu yao yobvekedwa cisoti, anasanduka opanduka pamaso pa lamulo, ndipo minda yao inakhala yoti n'kulandidwa. Anabvekedwa ufumu pa 30 Okutobala 1485, nakwatira Elizabeth pa 18 Januwale 1486, ndipo maluwa awiri aja anaphatikizidwa kukhala cizindikilo cimodzi. Otsala a York anayesanso mu 1487 poimika mnyamata wochedwa Lambert Simnel monga kalonga, koma anagonjetsedwa pa Stoke. Mnyamatayo anakhululukidwa napatsidwa nchito m'khichini ya mfumu. Banja la Tudor linalamulira kufikira 1603.

Nanga oonerera aja? Thomas Stanley anakwezedwa kukhala nduna yaikulu ya Derby, nafa imfa ya pamphasa mu 1504 ali wolemera. Northumberland anakhala m'ndende miyezi yocepa nabwezeredwa udindo wake, koma mu Epulo 1489 anaphedwa ndi anthu okwiya ku Yorkshire pamene anapita kukakhometsa msonkho wa mfumu. Akuti anchito ake omwe anaima ndi kuonerera. William Stanley anapatsidwa udindo woyang'anira nyumba ya mfumu ndi cuma cambiri. Koma kunabuka munthu wina, Perkin Warbeck, wodzinenera kuti ndiye wamng'ono wa anyamata a mu Tower aja, ndipo William anapezeka kuti anali kumvana ndi omutsatira. Henry anali ataona ndi maso ake mmene munthu ameneyu amadikirira kufikira mphindi yotsiriza, ndipo sanafune kumuonanso akudikira. William Stanley anadulidwa mutu mu Febuluwale 1495.

Dzina la Richard linatsala m'manja mwa opambana. Patapita zaka zoposa 100, William Shakespeare analemba sewero limene linamuonetsa ngati cilombo ca linunda pamsana ndi dzanja lopuwala, ndipo anthu ambiri anamudziwira m'sewero limenelo. Nyumba ya Greyfriars inatsekedwa mu 1538 nigwetsedwa pambuyo pake, manda ake naiwalika. Ngakhale malo enieni a nkhondo anasokonezeka, kufikira mu 2009 pamene akatswiri ofufuza zakale, motsogoleredwa ndi Glenn Foard, anapeza umboni kufupi ndi mseu wa Fenn Lane, makilomita ngati 3 kucokera pa Ambion. Kumeneko kunatoledwa zipolopolo za mizinga zoposa 30, ndiponso kacizindikilo kasiliva ka nguluwe m'mbali mwa dambo lakale.

Mu Ogasiti 2012 akatswiri a pa yunivesite ya Leicester anakumba pamalo oimikapo mamotoka pakati pa mzindawo, pamene panali Greyfriars, napeza mafupa a mwamuna m'manda aafupi, okumbidwa mothamanga, opanda bokosi. Mu Febuluwale 2013 analengeza kuti mafupawo ndi a Richard, atayerekezera DNA yake ndi ya mbadwa za mlongo wake Anne. Msana wake unali wopindikira kumbali, kotero kuti phewa limodzi linali lokwerera pang'ono, koma manja onse anali abwinobwino. Pa mafupawo panapezeka mabala 11, ndipo 9 mwa iwo anali a m'mutu, kusonyeza kuti cisoti cake cacitsulo cinali citacoka pamene anamuzinga. Awiri a kunkhongo, kumunsi kwa cigaza, anali okwana kupha munthu nthawi yomweyo. Lina la m'ciuno likuoneka kuti linalasidwa atafa kale, zobvala zacitsulo zitabvulidwa.

Pa 26 Malichi 2015 mafupawo anaikidwanso m'chalichi cacikulu ca Leicester, kungooloka mseu kucokera pamene anapezeka. Bokosi lake linakhomedwa ndi mmisiri wa matabwa amene ali mmodzi wa mbadwa za mlongo wake zija.